Jombo za a Likhweru

Lachitatu m'mawa munthu uja anabweranso. Anakhala pa benchi lomwe lija la kutsidya kwa msewu, pakhonde la sitolo yotsekedwa, kathumba kake kasaka atakagoneka pamiyendo ngati mwana wodwala. Kuyambira Lolemba ankachita zomwezo. Ankafika dzuwa likayamba kutentha, n'kukhala phee maso ali pa kashopu ka Msoki, kenako n'kuchoka dzuwa litapendeka osapereka moni kwa munthu.

Msoki anamuona pazenera koma sanasiye kukoka ulusi. Anthu anamutcha Msoki chifukwa m'mudzi monsemo munalibenso mkazi wina wosoka nsapato. Kashopu kake kanali kachipinda kamodzi kogundana ndi ka wometa tsitsi. Munali tebulo lodzala zipsera za mpeni, phazi lachitsulo lokhomerapo nsapato, chitini cha guluu, ndi nsapato za eni ake zolendewera pamisomali ngati mileme. Pakona pa tebulo pankakhala chikwama chachikopa chopinda, cha timatumba tisanu ndi kamodzi, mosungira zida. Timatumba tisanu tinali ndi zida zake. Kotsalako kanali kopanda kanthu chibadwire cha Msoki, ndipo amayi ake anamuletsa kuikamo chilichonse, ngakhale msomali.

Wometa anasuzumira pakhomo, lumo lili m'manja. Ameneyu sankatha masiku awiri osabweretsa nsapato yabwinobwino kuti akuti ikumuluma. Anati mkulu wa pabenchiyo ndi wofunsira banja basi, akungosonkhanitsa mawu, ndipo ngati zili choncho iye akufuna adziwe msanga kuti naye akagule kathumba kasaka, poti zikuoneka kuti ndi zomwe zimakopa asungwana masiku ano.

“Kameteni anthu, achimwene, tsitsi likukula,” anatero Msoki.

Sanaseke monga ankachitira masiku onse. Mutu wake unali pa mwala.

Mwalawo unali utaimikidwa kale pabwalo la sukulu, wosalala, wopanda chilembo. Loweruka kunkabwera wosema kudzalembapo mayina a amuna a m'mudzimo amene anafera kunkhondo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mndandanda wa mayinawo unali m'manja mwa Aphunzitsi, mkulu wopuma pantchito yemwe anaphunzitsa pafupifupi aliyense wodziwa kulemba m'mudzimo. Panali mayina khumi ndi limodzi. La bambo a Msoki panalibe.

Dzulo lake Msoki anali atapitako kachitatu. Aphunzitsi anamulandira bwino, n'kumupatsa mpando, koma yankho linali lomwe lija. Anati iwo a Likhweru, bambo a Msokiwo, ankawadziwa, ngakhale nsapato zomwe anakwatira nazo anasoka ndi iwowo. Koma mabanja enawo ali ndi makalata ochokera ku usilikali onena kuti wakutiwakuti anafa. Kalata ya amayi a Msoki inangoti anasowa. Mwala, iwo anati, si bolodi loti ukalakwitsa ufufute ndi kansanza.

Mawu amodzi amenewo, akuti anasowa, ndiwo analera Msoki. Bambo ake anapita kunkhondo iye ali m'mimba. Anali wosoka nsapato wa m'kashopu komweka, munthu woimba likhweru kuyambira potsegula mpaka potseka, mwakuti dzina lawo lenileni linatsala m'makalata mokha. Kalata ija itafika, anthu anayamba kuilemba mbali yomwe inatsala. Wina anati anataya mfuti n'kuthawa. Wina anati anawaona kudziko loyandikana nalo ali ndi mkazi wonenepa ndi ana atatu. Kusukulu anzake a Msoki akamathamanga ankamuuza kuti asapikisane nawo, poti kwawo liwiro n'lamtundu. Amayi ake sanayankhepo munthu. Anangoletsa likhweru pakhomo pawo, ndipo aliyense wodutsa akuimba ankamuthamangitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba.

Dzuwa lili pamutu, mthunzi unagwa patebulo. Msoki anadzutsa mutu. Mkulu wa pabenchi uja anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Kuyandikira sanali wokalamba monga ankaonekera. Tsitsi lokha ndilo linali litachita imvi msanga, ndipo maso ake ankathawathawa ngati a munthu wozolowera kukhala chofulatira khoma.

Anapereka moni motsitsa, n'kufunsa ngati amasoka jombo. Msoki anati chilichonse chovala kuphazi amasoka. Mkuluyo anamasula kathumba pang'onopang'ono, n'kutulutsa jombo imodzi yakumanzere. Inali yachisilikali, yakalekale, chikopa chitauma gwa koma chopakidwa polishi mosamala. Pansi pake panali patatha mpaka kuonekera misomali.

Msoki anaitembenuza uku ndi uku. Inali itasokedwapo kale ndi manja, ndipo kasokedwe kake kanamuimitsa. Ulusi unkayenda mizere iwiri yofanana ngati yoyezera ndi rula, mfundo zonse zitabisidwa mkati. Monga ankachitira ndi nsapato iliyonse, anakweza lilime la jomboyo kuti aone ngati lili lolimba.

Pansi pa lilimelo panali katsamba kosokedwa ndi ulusi wofiira, kosaposa chikhadabo.

Katsamba kameneko ankakadziwa. Kunyumba, pansi pa bedi la amayi ake, kunali nsapato zakuda zachikazi zokulungidwa mu nsalu, ndipo mkati mwa imodzi mwa izo munali katsamba komweko, ulusi womwewo, timitsempha titatu mbali iyi, tiwiri mbali inayo. Ali wamng'ono anafunsapo tanthauzo lake, amayi ake n'kumuyankha kuti mwana wofunsa zambiri amakalamba msanga. Anapendeketsa jomboyo kuti kuwala kulowe mkati. Pachikopa, chakumtunda, panali nambala yootchedwa ndi chitsulo. Sanafunike kuiwerenga kawiri. Manambala anaphunzirira pa nambala imeneyo, pamwamba pa kalata ija, asanayambe n'komwe sukulu.

“Mwaitenga kuti jombo iyi, bambo?”

“Ndinapatsidwa,” anatero mkuluyo. “Inzake ili m'thumbamu.”

“Eni ake ali moyo?”

Mkuluyo anatsegula pakamwa, koma Msoki anakweza dzanja. Ankafunitsitsa kumva, koma anadziwa kuti yankholo silinali lake. Panali munthu amene analidikira iye asanabadwe. Anakulunga chikwama cha zida, anatseka zenera, n'kupempha wometa kuti athamange akaitane Aphunzitsi, awapeze kunyumba. Wometa anayang'ana nkhope yake, nthabwala yomwe anaikonza inamuumira pakamwa, ndipo anasiya munthu pampando mutu utametedwa mbali imodzi.

Anauyamba ulendo wa kunyumba. Msoki anali patsogolo atakumbatira jombo, mlendo m'mbuyo. Kawiri konse anacheuka poopa kuti amupeza atazimiririka, ndipo kachiwiriko mkuluyo anamuuza kuti asavutike, kuthawa anakuthawa kokwanira.

Anapeza amayi akusita m'chipinda chochezera, chitseko chili chotsegula. Chipindacho chinali ndi mipando itatu yosafanana, kabati ya makapu, ndi chithunzi cha mnyamata wamakutu aakulu atavala yunifolomu yomukulira. Amayi anaona jombo ili m'manja mwa mwana wawo. Anaimika simbi pachitsulo chake, anapukuta manja m'chovala, n'kuilandira. Sanayang'ane nambala. Chala chawo chinapita chokha pansi pa lilime, ndipo chitakhudza ulusi uja anakhala pansi pampando womwe unali pafupi.

Aphunzitsi anafika akupuma mwawefuwefu, fayilo yawo ili kukhwapa, wometa akuwatsatira. Mlendo anakana mpando. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, chipewa pabondo, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana simenti.

Anati nthawi ya nkhondo ija anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wamng'ono pagulu lawo lonse. A Likhweru anali ngati bambo wa gululo. Ena akapuma, iwo ankayala zida pabondo n'kumasoka jombo za anzawo, likhweru lili pakamwa. Ankati msilikali amayamba kufa kumapazi, mtima umangotsatira. Akuluakulu anawaletsapo kangapo kuimba, koma pamapeto pake anawasiya, chifukwa anyamata akamva likhwerulo ankaleka kunjenjemera. Usiku wozizira bulangete lawo linkagona pa munthu wina. Kalata ikabwera kwa wosadziwa kuwerenga, ankamuwerengera ndi iwo, ndipo nkhani ikakhala yoipa ankayamba amupatsa kaye madzi.

Kenako kunabwera sabata ya mvula, akubwerera m'mbuyo m'matope. Jombo za mnyamatayo zinayasama zonse ziwiri, mapazi n'kuchita zilonda. Atafika pa mlatho wina anaima kuti apume. A Likhweru anaona magazi, anavula jombo zawo n'kumuponyera, iwo n'kutenga zong'ambikazo. Anamuuza kuti abwereke kaye, pofika madzulo zake zikhala zitapola.

“Anali atangosoka imodzi pomwe mizinga inayamba,” anatero mlendoyo. “Ine ndinadzuka n'kuthamanga. Sindinathamangire komwe anzanga ankapita. Ndinalowa m'tchire, osacheuka. Jombo zinali zabwino, mayi. Zinandifikitsa kutali.”

Makala a m'simbi ankathetheka.

Mlendoyo anapitiriza. Anawoloka malire, anasintha dzina, n'kumagwira ganyu m'minda ya anthu. Kwawo sanalembeko kalata poopa kumangidwa. Chaka chatha, atamva kuti mayi ake anamwalira, mtima unamukanika, ndipo anapita mozemba kwa mlongo wake. Mlongoyo atamuona anakomoka, poti kwawoko iye anali maliro akalekale. Dzina lake linali pakhoma la holo ya m'mudzi, ndipo ana asukulu ankaliloweza. Pamenepo m'pomwe anamvetsa zomwe zinachitika. Amene anakwirira akufa pa mlatho paja anali asilikali a gulu lina, ofika patapita masiku. Nkhope zinali zosazindikirika, ndiye anachita zomwe ankachita nthawi zonse: kuvula munthu jombo n'kuwerenga nambala ya mkati. Mtembo wa a Likhweru unavala nambala ya mnyamata wothawa. Nambala ya a Likhweru sinapezeke paliponse, poti inali ikuthamanga m'tchire.

Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa envelopu yofiirira ndi ukalamba. Anati iyi ndi kalata yomwe mayi ake analandira, ndipo anaipereka kwa Aphunzitsi ndi manja awiri.

Aphunzitsi anavala magalasi, anayang'ana chidindo poyamba, kenako anawerenga mokweza ndi mawu awo a m'kalasi. Kalatayo inati msilikaliyo, mizinga ikugwa, anabereka anthu asanu ovulala a gulu lina n'kuwawolotsa mlatho mmodzimmodzi. Anabwerera kukatenga wachisanu ndi chimodzi, ndipo sanafikenso kutsidya. Opulumukawo sanamudziwe dzina. Chomwe onse asanu anakumbukira n'chakuti ulendo uliwonse, munthu ali kumsana, iye ankaimba likhweru.

Pa mawu omalizawo Aphunzitsi anatsokomola, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali.

“Ine likhweru sindilitha, aphunzitsi,” anatero mlendoyo. “Chibadwire. Ndikayesa pamangotuluka mpweya ndi malovu. Mayi anga ankadziwa zimenezo. Mlongo wanga akuti anawerenga kalatayi kamodzi, n'kuiika pansi pa sutikesi, osaitchulanso.”

Aphunzitsi, ngakhale maso anali atafiira, anali Aphunzitsi ndithu. Anati nkhaniyo yawagwira mtima, koma kalatayi ili ndi dzina lina ndi nambala ina. Jombo zikungochitira umboni kuti jombo zinathawa. Oimba likhweru kunkhondo angakhale anali ambiri. Msoki akanalankhula zoti akanadzapepesa pambuyo pake, koma mlendoyo anali akumasula kansalu kena.

Anati pamodzi ndi kalatayo, a usilikali anatumiza zomwe anazipeza m'thumba la malemuyo. Mayi ake anadabwa nazo, poti mwana wawo sankatha ngakhale kusokerera batani. Pakansalupo panali kabulunga ka ulusi wopaka phula ndi singano yobowolera chikopa, ya chigwiriro chamtengo chomwe chinada ndi thukuta.

Msoki anayala chikwama chake patebulo lositira. Zida zisanu zinali m'timatumba tawo, zigwiriro zake za mtengo umodzi, zosemedwa ndi dzanja limodzi, chilichonse chili ndi mphete ya waya wamkuwa pakhosi. Singano ya mlendoyo inalinso ndi mphete yomweyo. Anayang'ana amayi ake. Amayi anagwedeza mutu. Anailowetsa m'kathumba kopanda kanthu kaja, ndipo inatsetsereka n'kukhala thi, m'malo momwe chikopa chinali chikusungabe maonekedwe ake.

Aphunzitsi anaweramira pachikwamapo kwa kanthawi. Kenako anatsegula fayilo, anatulutsa cholembera, n'kufunsa mlendoyo ngati angalembe zonsezi ndi dzanja lake, n'kusainira ndi dzina lake lenileni. Anamuchenjeza kuti pepala limenelo likafika ku likulu la asilikali, ndipo kwawo dzina lake lidzachotsedwa pakhoma. Mlendoyo anati akudziwa. Masiku atatu a pabenchi paja ankaganiza zomwezo. Anati watopa kukhala ngwazi kwawo ali wamantha, pomwe ngwazi yeniyeni ikutchedwa wamantha kwawo.

Amayi anali akadali pampando paja, jombo ili pamiyendo. Msoki ankawayang'ana mwamantha, osadziwa ngati alira kapena amuponyera munthuyo simbi. Anakhala akusisita katsamba kaja ndi chala chachikulu. Potsiriza anafunsa funso limodzi, mawu ali bata, ngati akufunsa za munthu amene wangopita kumsika.

“Ankadya bwino?”

Mlendoyo anati ankadya, koma theka lokha, poti linalo nthawi zonse linkapeza mwini wake. Amayi anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Anati ndi yemweyo, sanasinthe.

Mkuluyo anatulutsa jombo inzake, anaziika pamodzi patsogolo pa amayi, n'kunena kuti wabweza zomwe anabwereka, ngakhale wachedwa nazo. Amayi anazikankhira kwa mwana wawo.

“Bambo ako chinthu akapereka sankalandanso. Uzisoke bwinobwino, azivale popita kukaonekera kwa akuluakuluwo. Asapite ndi zigamba ngati alibe omudziwa.” Anatembenukira kwa mlendoyo. “Munali mwana inu. Iwo anaona mwana mapazi akutuluka magazi. Zinazo mukakambirana ndi Mulungu wanu.”

Mlendoyo anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Wometa anatuluka panja, akuti kukaona ngati kukubwera mvula, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo.

Lachinayi ndi Lachisanu Msoki anasoka jombo zija. Amayi anabwera kushopu, koyamba m'zaka zonsezi, n'kukhala pa kampando ka makasitomala. Ali pomwepo, osafunsidwa, anaulula za katsamba. Anati ali mtsikana anali ndi nsapato imodzi yokha yopitira kotchena, ndipo inabooka pansi. Tsiku lina anatseka bowolo ndi tsamba kuti asapse ndi mchenga. Akudutsa pakhomo pomwepa, tsambalo linasuzumira kunja, ndipo likhweru lomwe linkamveka m'shopumo linaduka. Mnyamata wamakutu aakulu anatuluka n'kuwauza mwaulemu kuti nsapato yawo yayamba kuphuka, ndi bwino aisoke isanabale zipatso. Iwo anakwiya, osamulankhula mwezi wathunthu. Koma nsapato anaisiya, ndipo pobwerera anapeza bowo latsekedwa, mkati muli katsamba kofiira.

“Ndinkayesa anasokera ine ndekha,” anatero amayi. “Kani anakasokanso m'jombo zake.”

Loweruka anthu anadzaza pabwalo la sukulu. Aphunzitsi anaimirira patsogolo pa mwala n'kuwerenga kalata ija yonse, kenako pepala la mlendo, mwini wake ataima pambali pawo m'jombo zonyezimira. Ena mwa amene anaonapo mkazi wonenepa ndi ana atatu ankangoyang'ana zala zawo zakumapazi. Wosema anadandaula kuti anali atayeza kale mizere ya mayina khumi ndi limodzi motsata alifabeti, ndiye lowonjezerali lingokhala pansi penipeni. Aphunzitsi anafuna kukangana naye, koma amayi anati alisiye pomwepo, mwini wake anazolowera kuwoloka anzake atatha.

Msoki anaima pafupi mpaka fumbi la mwala linamuyeretsa nsapato. Anaona chilembo choyamba chikutuluka, kenako chachiwiri. Linali dzina lomwe iye ankalilemba pa mafomu mothamanga, dzanja litaphimba pepala. Litatha anadikira wosema apukute, ndipo analiwerenga motsitsa, lonse, kawiri.

Pobwerera, mlendo anatsazika pamphambano kuti akakwere basi ya kumzinda. Wometa anawaperekeza mpaka kunyumba atanyamula mpando wa amayi pamutu. Atayandikira pakhomo anaiwala komwe ali, n'kuyamba kuimba likhweru. Msoki anamugunda ndi chigongono, iye n'kudula pomwepo, maso ali tong'o.

Amayi sanacheuke. Anapitiriza kufunafuna kiyi m'kachikwama kawo.

“Musiye amalize,” anatero. “Ngakhale akuphonya.”